Bedi Lam'mwamba Lapita kwa Azakhali Ako

Midland, Lachinayi masana

Tiya mwana wanga,

Kalatayi ndikuilemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti ndikakuuza ndi pakamwa undiyankha m'Chingerezi chako chotulukira m'mphuno chija, maso ali pafoni, mawu anga n'kugwera pansi. Chichewa cholemba umachiwerenga ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala, phazi limodzilimodzi, ndiye pano sudumpha liwu ngakhale limodzi. Uiwerengere m'ndege mawa. Kuchoka kuno ku Perth kukafika ku Melbourne ndi ulendo wautali, ndipo m'mwambamo mulibe kothawira.

Lero sindili pa shifiti. Iwe wapita kutauni kukatsanzikana ndi anzako, bambo ako ali kuntchito ku Kewdale, ine ndakhala pansi m'chipinda chako, msana kukhoma. Kachipinda aka lero kakuoneka kakakulu. Bedi lako lam'mwamba tinalimasula Lolemba, bambo ako analimanga mtolo bwinobwino n'kulikweza sitima ya katundu, ndipo panopa lili m'njira. Iwe ufika kaye, ilo lidzakupeza sabata yamawa.

Nkhani yagona pamenepo. Ukupita kukakhala kwa azakhali ako a Getu, alongo awo a bambo ako, zaka zako zonse za ku yunivesite. Ine ndi iwowo sitinalankhulane kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chinatiyambanitsa ndi bedi lomwelo. Bambo ako anangowauza kuti "tikutumiza bedi la mwana." Sanawauze kuti ndi bedi liti. Ndinawafunsa dzulo chifukwa chake, iwo n'kutsegula firiji, kumangoyang'anamo ngati yankho analisiya pafupi ndi mkaka. Ndiye taganiza: galimoto yaima pakhomo pa azakhali ako, anthu atsitsa zitsulo, azakhali ako aona makwerero aja. Akaganiza kuti ndalitumiza mwachipongwe, iwe m'nyumba imeneyo ukakhalamo bwanji? Zimenezi zikundisowetsa mtendere. Koma ndiyambe ndi zophweka, zovutazo ndizifikira.

Bedilo ukulifuna, usanyinyirike kuti wakula. Chithunzi cha chipinda akupatsacho ndachiona. N'komwe ankasungira makina osokera, ndipo makinawo ankadandaula kuti apanikizika. Ukaikamo bedi wamba, tebulo silipeza malo, uzikawerengera pamaondo ngati munthu wodikira basi. Ukagona m'mwamba, pansi pamatsala malo a tebulo, mpando ndi kabati yaing'ono. Chipinda chaching'ono sichikula m'mbali, chimakula chokwera. Zimenezi ndinaziphunzira ndi mutu wako, osati wanga, ndiye tamvera.

Yeza usanamange. Ine sindinayeze. Unali ndi zaka khumi, tangotha chaka chimodzi kuno, ndipo unkalembera homuweki patebulo la kukhitchini, makope ako onse akununkha anyezi. Ndinaona pafoni kuti mzungu wina akugulitsa bedi lam'mwamba chifukwa mwana wake wakula. Ndinakwera basi, ndinakafika, ndinaima pafupi nalo, linandifika pamphumi. Ndinati likwana. Tepi yoyezera bambo ako ali nayo m'dilowa, koma ine ndinali ndi maso anga ndi satifiketi yanga ya folomu folo. Sindinaganize kuti nyumba ya mzunguyo denga lake lili kutali, lathu lili pafupi, ndipo pakati pake pakulendewera fani. Tinamanga, iwe unakwera ukusekerera, unati udzuke ukhale tsonga, phu! mutu kudenga. Ndinayatsa fani kuti ndikutonthoze, ndipo mapiko ake ankadutsa pafupi ndi pilo moti tsitsi lako linkaweyuka. Bambo ako anaima pakhomo manja m'chiuno.

"Amake Tiya, mwagula bedi kapena makina ometera mwana?"

Miyendo ya bedilo anapita nayo kuntchito, anzawo anaidula. Ine sindinawalankhule masiku awiri. Sanalakwe ayi, koma ananena zoona pamaso pa mwana, ndipo umandidziwa. Ndiye iwe, usanaike chitsulo ngakhale chimodzi, yeza kuchoka pansi kukafika kudenga. Uwerengerenso kunenepa kwa matiresi, anthu amaiwala pamenepo. Ukakwera ukhale tsonga, uike chibakera pamutu. Chibakera chikapanda kulowa, bedi latalika. Litalikirane ndi fani, litalikirane ndi windo. Ndipo matiresi asapitirire chotchinga cham'mbali chija, chifukwa iwe ukagona umayenda ulendo.

Bawuti ikatsala, ndiye kuti pena pake pakusowa bawuti. Titalimanganso, pansi panatsala mabawuti atatu. Pepala la malangizo ndinali nditakulungira kale mamba a nsomba. Ndinati azungu ndi anthu abwino, aikamo banyira, n'kuponya mabawutiwo m'chitini cha shuga. Bedi linayamba kulira. Ukatembenuka, kwee. Ukatsokomola, kwee. Ine ndinkangokweza wailesi. Tsiku lina kunabwera amake Natasha, nesi wa ku Chipata uja ankakhala khomo loyandikana nafe. Analigwira ndi dzanja limodzi, bedi lonse n'kuvina.

"Iwe, mwana azagwa uyu! Mabawuti yali kuti?"

"Anatsala atatu, ndinasunga."

"Unasunga? Ufuna ukayabyale?"

Tinawafukula mu shuga muja, iye anawamanga ali chigwadire, akunditukwana m'Chinyanja chawo chosoweka ulemu chija. Iyeyo ndinamukhululukira msanga, pasanathe mwezi. Tsopano mabawuti onse ali m'sokosi yofiira m'thumba lam'mbali la sutikesi yako, pamodzi ndi kasipanala kopindika kaja. Sindinawatumize ndi sitima, ndikufuna akhale m'manja mwako. Pomanga usalimbitse imodzi mpaka kumapeto ena asanalowe. Alowe onse kaye mofewa, kenako uzungulire ukulimbitsa. Mwezi uliwonse ukayamba, tenga kasipanalako uyendere bawuti iliyonse. Ndipo chinthu chikayamba kulira, Tiya, kaya ndi bedi, kaya ndi dzino, kaya ndi mtima wako, usakweze wailesi ngati mayi ako. Kaone pomwe pakulira.

Malo udzapeze pansi pa bedilo uwateteze, chifukwa alipo anthu adzawasirire. Woyamba kuwalanda ndinali ine. Ukudziwa matenda athu a Amalawi kuno: chilichonse tikaona chotchipa timati tidzatumiza kumudzi. Ndinayamba ndi thumba limodzi la zovala za ana a malume ako. Ndinati lingokhala apa sabata imodzi. Kenako mapoto. Kenako nsapato za tchalitchi chonse cha kwathu. Amayi a m'gulu lathu la Amalawi atamva kuti kwa Esnati kuli malo, nawonso anabweretsa awo, podikira kontena ya katundu wopita kumudzi yomwe inkangonyamuka mwezi wamawa. Chaka chinatha. Tebulo lako linamira, mpando sunkaonekanso. Iwe unkawerengera m'mwamba chogona, ndipo munthu wowerenga chogona amawerenga masamba awiri, lachitatu amalota. Lipoti la kusukulu litabwera loipa, ndinakukalipira kuyambira kukhitchini mpaka pakhomo la chipinda chako. Unandisiya ndimalize. Kenako unaloza matumba aja n'kundifunsa m'Chichewa, iwe amene Chichewa umachitulutsa ngati dzino:

"Amayi, ndikhale pati?"

Tsiku lomwelo ndinaimbira aliyense kuti abwere adzatenge katundu wake, ndipo awiri mpaka lero amandipatsa moni wa m'mphepete mwa mlomo. Ku Melbourne kulinso Amalawi, kulinso kontena ya mwezi wamawa. Adzabwera akumwetulira, "Mwana wanga, kathumba kamodzi kokha." Uwagwadire, uwapatse madzi akumwa, uwauze kuti pamenepo ndi pamene pali sukulu yako. Akakakamira unene kuti mayi ako anakuletsa, ndipo ndi munthu wovuta. Sadzatsutsa. Mbiri yanga inafika kale kumeneko.

Makwerero salemekeza munthu. Tsiku lina m'mwezi wa Januwale, dzuwa la kuno likuwotcha ngati lakwiyira wina, ndinakwera kukasintha nsalu zoyala. Ndinavala chitenje chokha chomanga pachifuwa, poti ndinali ndekha. Ndinaiwala kuti ndi tsiku lomwe mayi woyendera nyumba za lendi amabwera, ndipo amabwera ndi kiyi wake. Ndinamva chitseko, ndinati nditsike msanga, ndinatsika choyang'ana kutsogolo ngati ndikutsika masitepe a kuchipatala. Chitenje chinakola pansonga ya makwerero. Ine ndinafika pansi, chitenje chinatsala m'mwamba. Mayi uja analowa ndi kafoni kake kojambulira makoma, anandiona, anayang'ana kudenga n'kunena kuti dengali ndi loyera bwino kwambiri. Anayamikira denga limenelo nthawi yaitali.

Ndiye potsika uziyang'ana makwerero, manja onse awiri agwire. Usakwere ndi masokosi. Usakwere ndi kapu ya tiyi. Foni ndi botolo la madzi uziike m'kathumba kolendewera ndinakusokera kaja. Kumbukira kuti kutentha kumathawira m'mwamba, ndiye masiku otentha utsitse matiresi ugone pansi, palibe adzakuseke. Ukadwala malungo kapena m'mimba, ugonenso pansi. Ndimagwira ntchito yosamala okalamba, ndaona zimene kugwa kumachita ndi chiuno cha munthu. Chinanso: bedi limenelo ndi la munthu mmodzi. Wandimva. Usandiyang'ane choncho, ndikukuona ngakhale uli m'ndege. Ine ndinakubereka ndili ndi zaka zimene uli nazozi, ndipo sindinong'oneza bondo kuti ulipo, koma njira imeneyo ndinaiyenda kale m'malo mwa tonse awiri.

Tsopano ndafika pa azakhali ako.

Iwe umadziwa theka la nkhaniyi, theka lomwe unaona ndi maso. Linalo ndi ili. Nditangolemba mayeso a folomu folo, mimba yako ili ya miyezi isanu, bambo ako ananditengera kwawo ku Kawale kukandionetsa. Azakhali ako anali kale nesi, ovala zoyera, onunkhira mankhwala. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kutembenukira kwa amayi awo:

"Basi, tilera ana awiri. Kameneka ndi kali m'mimbako."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, poti ndinali mlendo. Koma mawu amenewo ndinawapinda bwinobwino n'kuwasunga. Ndinakwera nawo ndege kubwera kuno. Kuti ndinene zoona, ndi iwo anatithandiza mapepala oti tibwere kuno ku Australia, ndi iwo anakugulira yunifolomu yako yoyamba. Ndinathokoza ndi pakamwa, koma mawu aja sindinawataye.

Uli ndi zaka khumi ndi ziwiri, anabwera kudzacheza sabata imodzi. Mwambo ndinkaudziwa bwino. Mlendo wamkulu umamupatsa chipinda yekha ndi bedi labwino, mwana amakagona pabalaza. Amake Natasha anali atandiuza kale kuti nditenge bedi lawo lopinda. Ndinakana. Ndikubwereza kuti umve: ndinakana dala. Ndinachotsa tebulo lako, ndinayala matiresi pansi pa bedi lam'mwamba, n'kuwalowetsa azakhali ako m'chipindamo ndikumwetulira. Anaima pakhomo, chikwama chili m'manja.

"Amake Tiya, ine ndigone kunsi kwa mwana? Azindidumpha pamutu m'mawa uliwonse?"

"Kuno ndi ku Australia, alamu. Malo ndi ochepa."

"Ku Australia ndinafika inu musanadziwe komwe kuli. Ndipo mwana wa mlongo wanga mumamuyanika pathandala ngati mbale?"

"Ngati pansi pakuchepetsani, kwerani ndinu. Makwerero ndi awo."

Ndinkaganiza kuti akana, akadandaule kwa bambo ako, ine ndioneke wosalakwa. Sindinawadziwe. Anaika chikwama pansi, anamanga chitenje mwamphamvu, anakwera. Mayi wa zaka makumi asanu, wathupi lake, bondo lotupa ndi ulendo. Bedi linalira, koma mabawuti a amake Natasha anagwira. Iwe unagona kunsi, maso ali tong'o.

Kukwera ndi kutsika si ntchito imodzi. Pokwera maso amatsogola. Potsika phazi limafufuza lokha chinthu chimene maso sakuchiona, ndipo bondo lawo m'mawa linali litauma gwa. Anakhala m'mphepete, khosi lopindika pansi pa denga, akuitana. Bambo ako anafika pakhomo n'kubwerera. Ukudziwa kuti kwathu mwamuna salowa m'chipinda momwe mlongo wake wagona, makamaka asanavale. Ankangozungulira m'khonde, akulankhula ndi khoma.

"Achemwali, gwirani chitsulo! Amake Tiya, tapitani kumeneko, chonde!"

Munthu wamkulu woti n'kulowa ndinali ine ndekha. Ndinapita. Ndinaima pakhomo ndi kapu yanga ya tiyi.

"Mwadzuka bwanji pathandalapo, alamu?"

"Ndithandizeni nditsike."

"Nenani kaye kuti ndi bedi."

Kenako anakweza miyendo, anagonanso, nkhope kukhoma. Ine ndinabwerera kukhitchini n'kuyamba kutsuka mbale zoyera kale, mwaphokoso. Munthu wadzuka m'mawa, sanapite kuchimbudzi, ndipo ndinkadziwa. Dzuwa linakwera. Amene anathetsa nkhaniyi ndiwe. Unakwera masitepe awiri, unagwira chidendene chawo ndi manja onse awiri, n'kuchiika pachitsulo. "Pano, azakhali. Tsopano linalo." Mpaka pansi. Anasamba, analongedza, anakagona kwa mnzawo wa kutchalitchi, ndipo sanapondenso pakhomo pathu.

Nkhani imeneyi ndaifotokoza kambirimbiri pamisonkhano ya amayi, ndipo anthu amaseka mpaka misozi. Ndimafotokoza za kukwera, ndimafotokoza za bambo ako akulankhula ndi khoma. Za kapu ya tiyi ndimadumpha. Za bedi lopinda sindinauzepo munthu, ngakhale bambo ako. Iwe ndiwe woyamba.

Ndiye taona zimene anachita mayi ameneyu. Atamva kuti wapeza malo ku yunivesite ya kumeneko, ndi iwo anaimbira bambo ako. Anati mwanayo asakakhale ndi anthu osawadziwa, chipinda chilipo. Palibe anawapempha. Ndinayesetsa kupeza choipa m'mawu amenewo, ndinawatembenuza uku ndi uku sabata yathunthu, sindinachipeze. Zinandinyansa kwambiri.

Tsono mvera, Tiya. Mkwiyo wangawu ndi wanga, usaunyamule. M'sutikesi mwako mulibe malo ake. Ukafika uwapatse moni wogwada, osati wongokweza dzanja ngati ukuimitsa basi. Akakupatsa chinthu ulandire ndi manja awiri. Akakulankhula m'Chichewa uyankhe m'Chichewa, ngakhale chikhale chothyokathyoka. Adzakuseka, koma adzakondwa. Usadikire kuuzidwa kuti mbale zadetsedwa. Ukachedwa kubwera, imba foni. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine ndinasiya mlomo, ndipo taona komwe ndaupeza: pakhomo pomwe mwana wanga akukagona. Pakamwa pangapa iwenso uli napo, ndinakumva ukuyankha bambo ako sabata yatha, kungoti iwe umachita m'Chingerezi. Azakhali akonso ali napo. M'nyumba imodzi mukhala malumo awiri, ndiye wina azikhala wopinda, ndipo wamng'ono ndiwe.

Chinanso, ndipo ichi ndikuchinena mondiwawa: akakukhumudwitsa, usathamangire kundiimbira. Si kuti sindidzamva. Vuto ndi lakuti ndidzamva mokondwa. Ndidzathira mchere, ndidzakuuza kuti ndinanena ine, ndipo kankhani ka mbale imodzi kadzasanduka mlandu wa zaka khumi. Uyambe walankhula nawo iwowo. Zikakanika, uimbire bambo ako, aja amazimitsa moto pongouyang'ana mwaulesi. Ine undiimbire pa zazikulu, pamene pakufunikadi munthu wokalipa.

Ndalemba mpaka apa, ndawerenga zomwe ndalemba, ndipo ndachita manyazi. Ndikutuma mwana kukagwada pakhomo pomwe ine ndikuopa kuimba foni. Dikira kaye.

Ndabwera. Inki yasintha chifukwa cholembera chija ndachiluma mpaka chasweka.

Nambala ndinali nayo, sindinaifufutepo, ndinangoisintha dzina. Dzinalo sindikuuza. Kumeneko kunali kale madzulo. Foni inalira kanayi, ine ndikupemphera kuti asayankhe.

"Halo?"

"Alamu, ndine amake Tiya."

Ndinamva akutseka mpopi.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira."

"Nanga?"

"Bedi likubweralo ndi lija."

"Ndikudziwa. Mlongo wanga akamabisa kanthu amatsokomola. Anatsokomola kawiri."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndimadikira ndione ngati libwera ndi mawu kapena lopanda mawu."

"Likanabwera lopanda mawu?"

"Mwana ndikanamulandira, ndi magazi anga. Koma chitsulo chimenecho sichikanalowa m'nyumba mwanga, ndipo mwanayo akanadziwa chifukwa chake tsiku lililonse."

Pamenepo, mwana wanga, ndinayang'ana khoma lako ili. Ndinanena mawu amene sindinauzepo munthu wamoyo, ngakhale abusa.

"Ndinalakwa tsiku lija, alamu. Bedi lopinda linalipo, ndinalikana dala. Ndipo ndinakusiyani m'mwamba muja ndikudziwa kuti mukuvutika."

"Kapu yanu inali yobiriwira," anatero. "Munkamwa pang'onopang'ono."

"Inunso munanena mawu ku Kawale."

"Mawu ati?"

Tiya, sankawakumbukira! Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndasenza mawu, ndawolotsa nawo nyanja, ndawapukuta fumbi chaka ndi chaka, mwini wake anawaiwala tsiku lomwelo asanadye chakudya chamasana. Ndinawabwerezera liwu ndi liwu, ndi kamvekedwe kake komwe. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Ndinanena ine zimenezo? Koma ndiye ndinali ndi pakamwa."

"Mudakali napo."

"Inu ndiye mungandiuze?" Ndinamva akuvundukula mphika. "Koma pamenepo ndinaphonya. Mwanayo mwalera nokha, ndipo mwalera bwino. Manja amene anagwira phazi langa tsiku lija sanaphunzire zimenezo kwa mlongo wanga."

Ndinangofunsa kuti, "Ndiye mwandikhululukira?"

"Ayi. Zaka zisanu ndi chimodzi sizitha ndi foni imodzi, komanso ndili ndi mphika pamoto. Inuyo mwandikhululukira?"

"Inenso sindinafike."

"Chabwino. Mudzaimbenso Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, tidzayambire pamenepa. Mwana abwere. Bedi libwere, lilowa. Inu musabwere kaye."

Anadula foni osatsanzika. Mwano umenewo ndaulemba mumtima, tidzaukambanso.

Ndiye pita, mwana wanga. Azakhali ako akakudikira pabwalo la ndege, ndipo anauza bambo ako kuti abwera ndi jekete, chifukwa akuti ife a ku Perth sitidziwa kuvala. Ulilandire ndi manja awiri, ulivale ngakhale likhale lonyansa. Werenga mwakhama, idya nthawi yake, pemphera, ndipo bambo ako uziwaimbira kawirikawiri, chifukwa iwowo sadzanena kuti akusowa, adzangoonda.

Lamlungu masana foni ikadzalira m'nyumbamo, udzavale nsapato ukayende kunja ola lathunthu. Zimene ine ndi azakhali ako tatsala kuti tiuzane si za ana.

Mulungu akutsogolere pokwera, akugwire potsika.

Ndine mayi ako,
Esnati